Tikufuna ansembe, nanga nazale athirire ndani?

Mwezi wathawu ndidaitanidwa mwachangu ndi mayi anga aang'ono amene amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Ndirande. Nditafika ndidawapeza atakhala pa thumba, m'manja muli kalata imene idali itayamba kale kuda ndi thukuta. Mwana wawo wachitatu, mnyamata wofatsa amene wakhala akutumikira pa guwa kuyambira ali Sitandade 4, wasankhidwa kupita ku seminale yaing'ono.

Ndidati, "Mayi, imeneyitu ndi nkhani yoimbira nthungululu, nanga nkhope yagweranji?" Iwo sadandiyankhe, adangoitembenuza kalata ija. Kuseri kwake kudali fizi ya pa teremu ndi mndandanda wa katundu: matiresi, bulangete, ndowa, khasu, nsapato zakuda, malaya oyera.

"Iwe poti udapondako ku yunivesite, tandiuza," adatero mayiwo. "Ine ndimayesa mwana ukampereka kwa Mulungu, Mpingo ndiwo umaona zonse. Nanga izi? Ndiye kuti Mulunguyo mwana ndimpatse, fizi ndimpatsenso?"

Ndidaseka, koma chiseko chake chidathera pakhosi. Ine ku yunivesiteko ndidangolawako zaka ziwiri, ndipo chidandichotsa ndi nkhani yomweyi ya ndalama. Kuwawa kwa kalata yokhala ndi manambala kuseri ndimakudziwa. Ndiye lero, abale anzanga, ndati tikambirane za funso la mayi angali, pakuti si lawo okha. Tonse timafuna wansembe pa ubatizo, pa ukwati, pa maliro. Akachedwa timadandaula, akalephera kufika ku tchalitchi chathu cha kumudzi miyezi itatu timati ansembe a masiku ano ndi aulesi. Koma ndi angati a ife adayamba adzifunsapo kuti munthu ameneyu, kuti afike povala mkanjo, adamdyetsa ndani, adamgulira mabuku ndani?

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndinenetu poyamba kuti wofuna kukwiya akwiyiretu. Nthawi yoti wansembe wathu aziphunzitsidwa ndi ndalama za azungu ikutha, ndipo tisalire nazo. Tiyenera kulipira tokha, tonse pamodzi, osati kumsenzetsa mayi mmodzi wa tomato. Koma tikayamba kulipira, nawo akuluakulu a Mpingo atitsegulire mabuku tione momwe ndalama zikuyendera.

Tiyambe ndi dzina lenilenilo. Liwu loti seminale lidachokera ku Chilatini, ndipo tanthauzo lake ndi nazale, malo ofeserapo mbewu isanakawokeredwe kumunda. Alimi a fodya a ku Kasungu ndi ku Mchinji akudziwa bwino kuti nazale ndiye ntchito: kuthirira m'mawa, kuthirira madzulo, miyezi yathunthu osaona khobidi. Amene adalamula kuti Mpingo wa Katolika ukhale ndi nazale zotere ndi msonkhano waukulu wa maepiskopi wa mumzinda wa Trent, m'chaka cha 1563. Chisanafike chaka chimenecho ansembe ambiri ankangophunzira ntchito poonera wansembe wamkulu, ena osadziwa nkomwe tanthauzo la mawu amene ankanena pa Misa.

Chimene chimandisangalatsa m'lamulo la ku Trent ndi ichi: lidanena kuti polandira anyamata, oyamba kuganiziridwa akhale ana a anthu osauka. Ana a olemera sadaletsedwe, koma ankayenera kudzilipirira okha. Ndipo ndalama zoyendetsera seminale zinkayenera kudulidwa ku chuma cha Mpingo cha m'dayosizi yonse. Ngakhale malamulo a Mpingo amene akugwira ntchito lero, pa ndime 264, akumpatsa episkopi mphamvu yoika msonkho m'dayosizi mwake wothandizira seminale. Ndiye mayi anga sadalakwe kwenikweni poganiza kuti Mpingo ndiwo umaona zonse. Pamene adaphonya mpamodzi pokha: adaiwala kuti Mpingowo ndi iwo amene, ndi ine, ndi inu.

Kuiwala kumeneku sikudabwere kokha, kuli ndi mbiri yake. Ansembe a chipani cha White Fathers adafika koyamba kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma adachokako mu 1891 zinthu zitavuta. Mu 1901 a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu, ndipo mu 1902 a White Fathers adabweranso nakhazikika ku Mua ndi m'dera la Lilongwe, kenaka ku Kachebere mu 1903. Kwa zaka zoposa 30 kuchokera pamenepo, wansembe aliyense amene makolo athu ankamuona adali mzungu. Ankabwera ataphunzira kale kwawo, ndi ndalama zakwawo, mabuku ali m'bokosi. Mkhristu wa kuno ankangoona chipatso, mtengo wake osaudziwa.

Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe adali Bambo Cornelio Chitsulo, mu 1937. Kuti aphunzire adachita kupita ku Kipalapala, pafupi ndi Tabora m'dziko la Tanganyika, chifukwa kuno kudalibe seminale yaikulu. Tangoganizani ulendo umenewo masiku amenewo, mwana wa eni kuchoka ku Mua mpaka pakati pa Tanganyika. Ndi yemweyu amene mu 1957 adadzozedwa kukhala episkopi woyamba wa Chimalawi, ku Dedza.

Patangopita zaka ziwiri Bambo Chitsulo atadzozedwa, mu 1939, seminale yaikulu ya Antonio Woyera idatsegulidwa ku Kachebere m'boma la Mchinji, pa malire enieni a dziko lino ndi Zambia. Malowo sadasankhidwe mwangozi, chifukwa sukuluyi inkalandira anyamata a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia omwe. Medardo Mazombwe, Mzambia woyamba kukhala kadinala mu 2010, adadzera pomwepo. Nayenso Patrick Kalilombe, amene adakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, adadzera ku Kasina ndi ku Kachebere. M'zaka za m'ma 1970 anzathu a ku Zambia adatsegula maseminale awoawo, ndipo kuno mu 1977 kudatsegulidwa seminale yachiwiri yaikulu, ya Petulo Woyera ku Zomba. Ntchito idagawidwa: Kachebere maphunziro a filosofi, Zomba maphunziro a zaumulungu.

Nanga zonsezi ankalipira ndani? Tidazolowera kungoti "ndalama za ku Roma", ngati kuti Papa ali ndi nkhokwe ya golide kuseri kwa nyumba yake. Nkhani yake yeniyeni ndi yochititsa manyazi pang'ono kwa ife. M'chaka chomwe chija cha 1889, mumzinda wa Caen ku France, mayi wamasiye Stéphanie Bigard ndi mwana wake wamkazi Jeanne adalandira kalata yochokera kwa episkopi wa ku Nagasaki ku Japan, wodandaula kuti akusowa ndalama zophunzitsira anyamata ofuna unsembe. Amayi awiriwa adagulitsa katundu wawo wina nayamba kuyenda kupempha kwa anzawo. Ntchito yawoyo idakula nkukhala bungwe la Petulo Woyera Mtumwi, limene mpaka lero limathandiza maseminale a m'maiko a mishoni, kuphatikizapo athu. Ndiye "ndalama za ku Roma" zija, zambiri mwa izo ndi timakobidi ta anthu wamba, agogo a ku Ulaya oponya m'mbale Lamulungu, anthu osasiyana kwenikweni ndi mayi anga a mumsika wa Ndirande.

Tsono agogo aja akutha. M'maiko ambiri a ku Ulaya matchalitchi sakudzazanso ngati kale, ndipo zinthu zatembenuka mpaka ansembe a kuno ku Africa ndiwo akukatumikira m'maparishi a kumeneko. Pamene opereka akuchepa uko, ofuna unsembe kuno sakuchepa. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Thandizo lakunja ndi fodya wa pachala.

Tsopano tione kutalika kwa ulendo, kuti wina asaganize kuti unsembe ndi kosi ya miyezi 6 ngati ya udalaivala. Mnyamata ngati mng'ono wangayu ayamba ndi zaka 4 ku seminale yaing'ono. Zilipo zingapo m'madayosizi athu, monga Nankhunda ku Zomba, Pius XII ku Nguludi, Mlale ku Lilongwe, St Kizito ku Dedza, Mzimu Woyera ku Chikwawa ndi St Patrick's ku Rumphi. Kumeneku amaphunzira za Fomu 1 mpaka Fomu 4 ndi kulemba mayeso a MSCE ngati wina aliyense. Amene adaphunzira ku sekondale wamba nayenso khomo silotseka, atha kupempha kwa episkopi wake akakhoza bwino.

Akachoka apo pali chaka chokonzekera pa zauzimu ku Kasina, chaka chimene malangizo ochokera ku Roma a mu 2016 adanenetsa kuti chisadumphidwe. Kenaka zaka 3 za filosofi ku Kachebere, zaka 4 za zaumulungu ku Zomba, ndi nthawi ina yokaphunzira ntchito ku parishi. Malamulo a Mpingo, pa ndime 250, amati maphunziro a filosofi ndi a zaumulungu pamodzi asachepere zaka 6, ndipo munthu sadzozedwa unsembe asanakwanitse zaka 25. Mukawonkhetsa bwinobwino, kuchokera pa MSCE kufika pa tsiku lodzozedwa ndi zaka pafupifupi 9. Mukaphatikiza za ku seminale yaing'ono zikukwana 13. Mnzake amene adalemba naye MSCE nkupita kukaphunzira za malamulo amakhala atayamba kale ntchito, mwinanso atakwatira, uyu adakali pa desiki.

Ena amafunsa kuti, kodi munthu wokawerenga Misa afuniranji filosofi? Eti kungotaya nthawi? Ayi ndithu. Ku filosofi nkumene mnyamata amaphunzira kuganiza molongosoka, kusiyanitsa mfundo ndi phokoso, kufunsa kuti chilungamo nchiyani, munthu nchiyani, ulamuliro umachokera kuti. Amakumana ndi maganizo a Plato, Aristotle, Augustine ndi Thomas Aquinas, ndiponso nzeru za makolo athu a mu Africa. Ku Zomba ndiye Malemba Oyera, mbiri ya Mpingo, malamulo a Mpingo, kayendetsedwe ka mapemphero, kalalikidwe ndi kasamalidwe ka anthu a m'mavuto. Papa John Paul II, m'chikalata chake cha mu 1992 chokhudza kaphunzitsidwe ka ansembe, adati nsanamira zake nzinayi: umunthu, uzimu, nzeru ndi ubusa. Onani kuti umunthu ndiwo udatsogola.

Maphunzirowa si a kuseri kwa nyumba. Kwa zaka zambiri seminale ya ku Zomba, pamodzi ndi Zomba Theological College ya anzathu a mipingo ina, idagwira ntchito ndi Yunivesite ya Malawi pa maphunziro a zaumulungu. Mpingo udatsegulanso yunivesite yakeyake ku Nguludi mu 2006. Masiku ano mnyamata wotsiriza bwino amatuluka ndi digiri, yoperekedwa kudzera mu mgwirizano wa seminale ndi yunivesite. Ndiye tikamakamba za seminale yaikulu, tikukamba za koleji yogonera konko, imene ophunzira ake ambiri ndi ana a alimi ndi a ogulitsa mumsika.

Inu anzanga a bizinesi, tiyeni tiwerengere limodzi monga timachitira pa benchi. Tiyerekeze seminale ili ndi anyamata 100, ndipo aliyense akudya theka la kilogalamu ya ufa patsiku. Ndiye kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 latha dzuwa lisanalowe. Miyezi 9 ya sukulu ndi matumba 270, nsima yokhayokha. Sitidatchule nyemba, mafuta, mchere, shuga, nkhuni, magetsi, madzi, mankhwala, malipiro a ophika ndi alonda, dizilo wa galimoto, denga lodontha la nyumba zomangidwa kalekale. Sitidatchule mabuku, amene ambiri amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Sitidatchule aphunzitsi, amene kuti afike pophunzitsa ena adayamba atumizidwa ku Roma kapena ku Nairobi zaka zingapo. Aliyense aike mtengo wa thumba wa lero m'dera lake achulukitse yekha, kenaka achulukitsenso ndi zaka 9.

Pamwamba pa izi pali kugwa kwa kwacha. Mu May 2022 idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Wina anena kuti, nanga si bwino, poti thandizo lakunja likasinthidwa likutuluka makwacha ambiri? Zoona, koma taonani mbali inayo. Chopereka cha m'mbale mwathu, chimene chili m'makwacha, ndicho chimafota. K500 imene mudaponya chaka chatha ndi K500 imene mwaponya lero pepala lake ndi limodzi, koma nyemba zake nzosiyana. Mapeto ake, kwacha ikagwa gawo lathu limachepa, gawo la akunja limakula, ndipo timabwereranso pa bere tili ndi ndevu.

Mwina mukuti, vuto lili pati, bola wina akulipira? Vuto lilipo, ndipo lalikulu. Kumbukirani Lamulungu la pa 8 March 1992. M'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno mudawerengedwa kalata ya Lenti ya maepiskopi, imene idatchula poyera zinthu zimene aliyense ankanong'ona: kusiyana kwa olemera ndi osauka, kumangidwa popanda mlandu, mantha olankhula. Boma lidati kalatayo ndi youkira, malo osindikizira mabuku a ku Balaka adatenthedwa, Monsinyo John Roche adathamangitsidwa m'dziko. Koma madzi adali atatayika kale. Pa 14 June 1993 kudali referendamu, pa 17 May 1994 chisankho cha zipani zambiri. Mwa akuluakulu 7 amene adasaina kalatayo, asanu adali Amalawi: Ambuye Chiona, Mkhori, Chimole, Chamgwera ndi Chisendera, onse a m'badwo umene udaphunzira unsembe pamene seminale yaikulu m'dziko muno idali Kachebere yokha. Mzungu adampirikitsa, koma eni nthaka akadawapirikitsira kuti? Ufulu umene ine ndikulembera nkhani ino, ngakhale inu a mipingo ina ndi Asilamu mukuwerenga, mbali ina mbewu yake idafesedwa pa nazale ija.

Tsono funso nali. Mzungu akasiya kulipira, ife nkukhala manja lende, adzalowe m'malo ndani? Yankho tikuliona kale ndi maso. Pa mwambo wodzoza ansembe, pa chikondwerero cha parishi, pa tsiku losonkhetsa ndalama, mpando wakutsogolo ndi wa andale, envulopu ili m'manja, wojambula ali pambali. Sindikunena kuti wandale asapereke ku tchalitchi kwake, nayenso ndi mkhristu. Koma wansembe amene fizi yake idalipiridwa ndi bwana mmodzi, galimoto yake yoyamba nkuchokeranso kwa bwana yemweyo, tsiku limene bwanayo adzaba mankhwala a m'chipatala, ulaliki udzatuluka bwanji? Pakamwa podzaza ndi nsima ya mwini sipachedwa kuchita chibwibwi. Ngati tikufuna ansembe amene angadzalembenso kalata ngati ya 1992 ikadzafunika, ngongole yawo ikhale kwa anthu wamba ambirimbiri, osati kwa munthu mmodzi wa thumba lalikulu.

Nkhani yodzidalirayi si yachilendo ayi. Maepiskopi a maiko a kum'mawa kwa Africa, pa msonkhano wawo wa mu 1973, adagwirizana kuti Mpingo wa kuno uyenera kudzitumikira wokha, kudzifalitsa wokha ndi kudzidyetsa wokha. Ambuye Kalilombe adayendetsa sinodi ya dayosizi ya Lilongwe kuyambira 1973 mpaka 1975, mmene miphakati idazika mizu. Zaka 50 zapita. Kudzitumikira tidakhoza, madayosizi athu 8 adzaza ansembe akuda. Kudzifalitsa ndiye osanena, matchalitchi akusefukira. Pa kudzidyetsa mpamene tidakali Sitandade 1.

Ndikudziwa chimene ena ayankhe: "Aise, ife ndife amphawi, tizitenga kuti?" Umphawi ulipo, sindikutsutsa, ndimagona nawo nyumba imodzi. Koma kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a m'dziko muno, Akatolika adali 17 pa 100 alionse, ndiye kuti anthu pafupifupi 3 miliyoni. Tichotsepo ana, okalamba ndi osowetsetsa, titsale ndi 1 miliyoni yokha. Aliyense atamapereka K100 pamwezi, ndalama imene ngakhale mwana akaiona pansi sathamanga, pachaka ikukwana K1.2 biliyoni. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu 1 miliyoni?

Ndipo tisanamizane, ndalama za tchalitchi timakhala nazo zikakhala za chisangalalo. Tsiku lodzoza wansembe likafika, nsalu yosindikiza nkhope yake imatha ngati mandasi otentha. Mabasi amachita hayala, ng'ombe zimagwa, mphatso zimaunjikana, mbuzi, mafiriji, masofa. Tsiku limodzi timamwaza zimene zikadamdyetsa mnyamata wina chaka chathunthu. Pokolola tonse tili pomwepo ndi madengu, pothirira nazale aliyense ali ndi chifukwa. M'mera mpoyamba, abale.

Ena amati, "Ife tidaperekapo, koma anyamata ake amangothawa, angofuna sukulu yabwino." Apa ndiye ndilankhule ngati munthu amene adasiyira sukulu panjira. Ndikudziwa momwe anthu amakuyang'anira ukabwerera kumudzi ndi sutikesi popanda pepala. Kwa amene wachoka ku seminale nkoposa: amamutcha wothawa, wakuba ndalama za Mpingo, ena mpaka kumati watembereredwa, sadzaona mwayi. Zimenezi nzachabechabe. Ndi mlimi uti amene mbande zonse za pa nazale adaziwokera kumunda? Seminale idakhazikitsidwa kuti mnyamata adziyese ndiponso ayesedwe ngati maitanidwe alidi ake. Mwana wa zaka 14 angalonjeze bwanji za moyo wake wonse, za kusakwatira, za kumvera episkopi mpaka imfa? Amene wazindikira ali ndi zaka 23 kuti njira si yake nachoka mwaulemu, watichitira chifundo. Woopsa ndi amene wakhalabe chifukwa choopa manyazi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma uyu safa yekha, amapweteka nazo parishi yonse.

Ichi ndicho chifukwa china chimene ndikunenera kuti katunduyu asakhale pa mutu wa kholo kapena wa munthu mmodzi wolipirira. Mnyamata amene akudziwa kuti mayi ake adagulitsa puloti, kapena adalowa katapila chifukwa cha iye, angalimbe mtima bwanji kunena kuti "mayi, ndalephera"? Adzangopirira, nkudzozedwa mtima uli kwina. Koma ndalama zikachokera m'thumba la tonse, mnyamata ali ndi ufulu wonena zoona.

Ndipo wochokayo sadatayike. Yendani m'masukulu, m'nyumba zoulutsira mawu, m'makhoti ndi m'mabungwe, mupeza anthu ambiri amene adadzera ku seminale akutumikira dziko, ena ndiwo akutsogolera makwaya ndi makomiti a m'maparishi. Chofunika nchakuti pepala limene mnyamata watuluka nalo likhale lovomerezeka ndi bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba, lija lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, kuti akachoka atatha filosofi athe kukapempha ntchito kapena kupitiriza sukulu kwina. Munthu asakakamire unsembe chifukwa choti kunja kulibe kolowera.

Tsopano nditembenukire kwa inu Ambuye maepiskopi ndi abambo oyendetsa maseminale, mwaulemu wonse. Wamalonda saponya ndalama m'thumba lobooka, ndiponso saponya m'thumba limene saloledwa kusuzumiramo. Mukatiuza kuti "seminale ili pa mavuto, thandizani", timamva, koma tiuzeni manambala. Mnyamata mmodzi amadya ndalama zingati pachaka? Zochokera kunja nzingati, za dayosizi nzingati, za makolo nzingati, za ku munda ndi ku khola la seminale nzingati? Chopereka chapadera cha chaka chatha chidakwana zingati, ndipo chidagula chiyani? Zimenezi zilembedwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, zipachikidwe pa khomo la tchalitchi chilichonse. Si chipongwe kupempha zimenezi. Malamulo anu omwe, pa ndime 1287, amati oyang'anira chuma cha Mpingo azifotokozera akhristu za zimene akhristuwo apereka. Mudatiphunzitsa nokha mu 1992 kufunsa boma momwe likuyendetsera zinthu. Wophunzira wabwino amayesera phunziro pakhomo pa mphunzitsi.

Chachiwiri, dayosizi iliyonse ikhale ndi thumba la fizi la ana osauka a ku seminale yaing'ono, loyang'aniridwa ndi ansembe pamodzi ndi akhristu eni ake, amayi akhalemo. Tikapanda kutero, seminale yaing'ono idzasanduka sekondale yapamwamba ya ana a mabwana ofuna mapointi abwino a MSCE, ndipo mwana wa mlimi, amene a ku Trent adati akhale woyamba, adzakhala wotsiriza. Wansembe amene sadagonepo ndi njala adzawauza chiyani anthu a ku Nsanje madzi akasefukira?

Chachitatu, nyumba, malaibulale ndi aphunzitsi a m'maseminale akulu ndi chuma chimene chingabale. Bwanji osatsegula makalasi ena a filosofi ndi a zaumulungu kwa masisitere, makatekisiti, aphunzitsi ndi ena ofuna, pa nthawi ya tchuthi kapena Loweruka, olipira alipire? Katekisiti ndiye amaika maliro ambiri kumudzi kuposa wansembe, koma maphunziro ake ndi ochepa. Ine ndemwe, wosiyira panjira, nditamva kuti khomo latseguka ndikhoza kukhala woyamba pa mzere.

Kwa ife a m'misika ndi a m'makoleji, tisadikire kalata ya episkopi. Mphakati uliwonse utha kupatula thumba limodzi la chimanga pa masika kuti lipite ku seminale. Gulu lililonse la banki m'khonde la amayi a Chikatolika litha kuika kagawo pambali. Inu ophunzira a ku yunivesite amene mumasonkhana Lamulungu m'makalasi, anzanu a msinkhu wanu ali ku Kachebere ndi ku Zomba, mudayamba mwawayenderapo ndi sopo?

Za mayi anga zidatha chonchi. Amayi anzawo a pa mzere wa tomato adachita chipereganyu, a mphakati adagula matiresi ndi ndowa, ine ndidagula nsapato zakuda pa kaunjika. Fizi ya teremu yoyamba yakwana. Ya teremu yachiwiri palibe akudziwa. Tikumanga katundu usiku, mayiwo adandiuza mawu amene sadandichokebe m'mutu. Adati, "Mwanayu akadzakhala wansembe, adzakhala wa anthu onse, ine ndidzachita kupempha nthawi yomuonera. Koma akadzabwerera panjira, adzakhala wanga ndekha, ngongole zakenso zanga ndekha."

Ngati phindu lidzakhala la tonse, abale anzanga, kuthirira kukhalenso kwa tonse. Teremu yachiwiri sili patali.